Kodi "shuga" ndi Chingerezi? Mwana wanga amuchotsera malikisi

Mayi a Tadala: Abale anga pagulu pano, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandiwawa kuyambira dzulo. Mwana wanga wa sitandade 6 analemba chimangirizo cha Chichewa chofotokoza kaphikidwe ka phala. Penapake analemba kuti "phala likapsa timathiramo shuga". Aphunzitsi azunguliza mawu akuti shuga ndi cholembera chofiira, pambali alembapo kuti "Chingerezi ichi", ndipo amuchotsera malikisi awiri. Mwana wafika pakhomo maso ali psuu, akundifunsa kuti nanga amayi, shuga pa Chichewa amati chiyani? Ine kukamwa kunangoti gwa. Ndakula ndikunena shuga, malemu amayi anga ankati suga. Ndithandizeni, mawuwa ndi a ndani kwenikweni?

A Gama: Mayi, pepani ndi mwanayo, koma ine ndili mbali ya aphunzitsi. Shuga ndi sugar basi, tangosintha kalembedwe. Tikamalekerera zoterezi chinenero chathu chitha tikuona. Tili ndi nzimbe, tili ndi uchi, tili ndi mawu akuti kutsekemera. Mwana akanalemba kuti timathiramo zotsekemeretsa.

A Nkhoma a ku Nchalo: A Gama, nzimbe si shuga ayi. Ndagwira ntchito ya nzimbe kuchigwa kuno zaka zambiri, ndikudziwa kutalika kwa ulendo wochoka kumunda kufika m'paketi. Mukatuma mwana kugolosale kuti akagule zotsekemeretsa akubweretserani maswiti.

Nabiyeni ku Leeds: Zoona a Nkhoma. Tiwadikire aphunzitsi a Chisale, nkhani ngati izi ndi munda wawo.

Aphunzitsi a Chisale: Ndafika, ana anga. Mayi a Tadala, mumuuze mwanayo apukute misozi. N'zoona kuti ife mawuwa tinawamva kwa Angerezi, pamenepo a Gama sakunama. Koma Angereziwo si eni ake. Iwonso anachita kubwereka, ndipo amene anawabwereka nawonso anali atabwereka. Ndiyambire kutsinde.

Tsinde lili ku India, m'chinenero chakale cha Sanskrit. Kumeneko kuli mawu akuti śarkarā, amatchulidwa ngati "sharkara". Chomwe chimandikoka mtima n'chakuti poyambirira mawuwa sankanena za kutsekemera m'pang'ono pomwe. Ankatanthauza timiyala, tinsangalabwi tating'onoting'ono, mchenga wokhakhala uja umakulowa m'nsapato. Anthu a ku India ataphunzira kuwiritsa madzi a nzimbe mpaka kusanduka timibulu touma, anayang'ana chinthucho m'dzanja n'kuona kuti chikufanana ndi timiyala. Dzina linachokera pa maonekedwe ndi kukhakhala kwake.

A Nkhoma a ku Nchalo: Aphunzitsi, mwandigwira mtima. Amene sanalowepo m'fakitale sangamvetse chifukwa chake anthu akalewo anaganiza za miyala. Nzimbe ikafinyidwa pamatuluka madzi obiriwira moderako, a thovu, osaoneka bwino n'komwe. Amawayeretsa ndi laimu, kenako amawawiritsa mpaka kukhala manyuchi olemera, akuda. Ndiye pamafika nthawi ina yake, wophika amathiramo timbewu ta shuga tosalala ngati ufa, n'kumayang'anira. Amatapa pang'ono, kupaka pakagalasi, kuyang'ana powala. Mumaona timibulu tikubadwa m'manyuchimo, ting'onoting'ono, tonyezimira, tikukula maso anu akuona. Mukatikhudza ndi chala mumamva ndithu ngati mchenga wa m'mbali mwa Shire. Pomaliza makina ozungulira mwaliwiro amakhetsa manyuchi, timibulu n'kutsala. Ine tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaima nthawi yaitali osanena kanthu. Ndiye lero mukundiuza kuti dzina lenilenilo ndi timiyala. Anthu amenewo anaona zomwe ndinaona ine.

Aphunzitsi a Chisale: Ndi momwemo a Nkhoma. Ndipo si Amwenye okha anaona choncho. Sing'anga wina wa Chigiriki, Dioscorides, amene anakhalako m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, analemba za chinthu chotchedwa sakkharon. Anati ndi mtundu wa uchi wouma wopezeka m'mabango a ku India ndi Arabia, wooneka ngati mchere, wophwanyika pamano ngati mchere. Kwa iye unali mankhwala a m'mimba ndi chikhodzodzo. Kale kuposa apo, cha m'ma 325 Yesu asanabadwe, Nearchus, mkulu wa zombo za mfumu Alexander Wamkulu, atafika ku India anasimba za bango lotulutsa uchi popanda njuchi. Onani, a Gama, Agirikinso anayamba ndi mawu awoawo, uchi ndi bango, monga mukufunira inu. Koma uchi wa bango si uchi, ndiye mapeto ake anatenga dzina lachilendo lija.

A Gama: Chabwino. Koma kuchoka ku India kufika ku London ndi mtunda. Mawu sakwera ndege okha.

Aphunzitsi a Chisale: Anayenda ndi katundu. Kuchoka ku India, ulimi wa nzimbe ndi luso lophika shuga zinalowa ku Perisiya, komwe lero timati Iran, ndipo kumeneko mawu aja anakhala shakar. Aluya atagonjetsa Perisiya m'zaka za m'ma 600 anapeza minda ndi ophika, natenga zonse pamodzi ndi dzina, iwo n'kumati sukkar. Aluyawo ndi amene anafalitsa nzimbe kuzungulira nyanja ya Mediterranean: Egypt, kumpoto kwa Africa, Spain komwe analowa mu 711, ndi chilumba cha Sicily komwe anayamba kulowa mu 827.

Apa njira inagawikana pawiri. Ya ku Sicily ndi amalonda a ku Italy inabala zucchero m'Chitaliyana ndi succarum m'Chilatini cha nthawi imeneyo. Afalansa anati sucre. Tsono kumbukirani kuti kuyambira 1066 olamulira a ku England ankayankhula Chifalansa, ndipo zakudya za anthu olemera zinkatchulidwa m'Chifalansa. Mawuwa akuyamba kuoneka m'zolemba za ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, olembedwa mosiyanasiyana, ena sucre, ena sugre. Panthawiyo shuga anali wodula kwambiri, ankasungidwa pamodzi ndi zokometsera ndi mankhwala, munthu wamba ankadalira uchi.

Njira yachiwiri ndiisiyira mbale wathu wa ku Angónia, ndi yakwawo.

Mbale wa ku Angónia: Zikomo aphunzitsi. Kuno pa Chipwitikizi timati açúcar, kutchula kwake "asukar". Ku Spain amati azúcar. Ka "a" kakutsogoloko n'kachiluya. Aluya amaika al patsogolo pa dzina, ndipo likakumana ndi s limasanduka as, ndiye as-sukkar. Anthu a ku Spain ndi Portugal anakhala ndi Aluya zaka mazana ambiri, tsiku ndi tsiku akumva as-sukkar pamsika, n'kumeza zonse ngati liwu limodzi. Ataliyana anatenga dzina lokha, ka al n'kukasiya. Umboni wina ndi thonje. Pa Chiluya ndi qutn. Ife timati algodão, a ku Spain algodón, koma Ataliyana cotone, Angerezi cotton. Mukangoona mawu awiriwa mumadziwiratu khomo lomwe analowera.

Chondidabwitsa ine n'china. Apwitikizi akhala m'chigwa cha Zambezi, ku Sena ndi ku Tete, kuyambira zaka za m'ma 1500. Chinyanja chinatenga kwa iwo nsapato, kalata, kapitawo. Ndiye bwanji kwanuko simunatenge asuka, mpaka kudikira Mngerezi?

Nabiyeni ku Leeds: Funso labwino ili. Ine ndikuganiza kuti dzina limakhazikika chinthucho chikalowa m'nyumba za anthu ambiri. Shuga wa m'paketi anafala kwathu ndi masitolo, tiyi ndi malipiro a pamwezi, nthawi ya Angerezi. Kumudzi kutsekemera kunali kwa nzimbe, misale ndi uchi, ndipo zonsezo zinali ndi mayina kale.

Che Saidi a ku Mangochi: Moni nonse. Ndiwonjezepo za kunyanja. Agogo anga aamuna sankanena shuga, ankati sukali. Ine ndili mwana ndinkaona ngati akulephera kutchula Chingerezi, ndipo tsiku lina ndinawakonza pamaso pa alendo. Anangondiyang'ana, osayankha. Ndinadzazindikira nditapita ku Dar es Salaam kuti Aswahili amati sukari, kuchokera kwa Aluya mwachindunji, ndipo agogo anatengera kumeneko kudzera m'malonda a kugombe. Sukali wawo sanadutse ku Ulaya konse. Zimandipweteka mpaka lero kuti ndinawachititsa manyazi pa chinthu chomwe iwo ankadziwa kuposa ine.

Koma aphunzitsi, ndifunse. Pa Chiluya kuthokoza timati shukran, Aswahili amati shukrani. Kodi si pachibale ndi sukkar? Ndakhala ndikuganiza kuti mwina chinthu chokoma anachitcha dzina la kuthokoza.

Aphunzitsi a Chisale: Che Saidi, ganizolo ndi lokoma koma ayi, palibe chibale. Shukran amachokera ku muzu wachiluya wa zilembo zitatu, sh, k, r, wonena za kuyamika, ndipo ndi wawowawo. Sukkar ndi mlendo wochokera ku Perisiya, amayamba ndi s. Kufanana kwa kamvekedwe pakokha si umboni. Pa Chichewa kutsuka mbale kukumveka pafupi ndi sukali, koma palibe anganene kuti shuga anatchedwa choncho chifukwa cha kutsuka. Ofufuza mawu amafuna zolembedwa zakale zosonyeza liwu likuyenda, zaka zake, ndi kusintha kwa kamvekedwe kobwerezabwereza m'mawu enanso. Nkhani ya shuga ndi yolimba chifukwa sitepe iliyonse ili ndi zolemba, ndiponso ikugwirizana ndi mmene mbewuyo inayendera.

Pali msampha winanso pomwepo. Chihebri chili ndi shekar, chakumwa choledzeretsa chija chimatchulidwa m'Baibulo. Amenewo anadzera m'Chigiriki ndi Chilatini n'kukabala cider wa Angerezi. Akumveka ngati shakar wa ku Perisiya, koma ndi banja lina.

Kondwani ku Durban: Madala ndi amayi, ine ndingoponyapo zomwe ndaona kuno. Azulu amati ushukela, Mabunu amati suiker. Ndimagwira ntchito ndi anzanga achimwenye, makolo awo anabwera kudzalima nzimbe ku Natal. Sitima yoyamba, Truro, inafika pa Durban mu November 1860. Ambiri anali olankhula Chitamil, ndipo pa Chitamil shuga ndi sakkarai. Taganizani, munthu akuchoka kwawo kumene dzinalo linabadwira, akuwoloka nyanja pa kontrakiti ya zaka 5, akudzadula nzimbe m'munda wa mzungu amene akumuuza kuti chinthuchi dzina lake ndi sugar.

Mayi a Tadala: Kondwani, zimenezo zandilasa mtima.

A Gama: Ndiye mwafika pomwe ine ndimafuna. Mawu amenewa ali ndi magazi. Apwitikizi anadzala nzimbe ku zilumba za Madeira ndi São Tomé m'zaka za m'ma 1400, Columbus anazitengera ku chilumba cha Hispaniola ku Caribbean mu 1493, kenako Brazil, kenako Barbados m'ma 1640 ndi Jamaica. Ankadula nzimbezo ndani? Akapolo ochokera ku Africa, miyandamiyanda. Shuga anatsika mtengo ku England mpaka wosauka kumathira mu tiyi chifukwa cha misana ya anthu akuda. Ndiye ine ndizinyadira kuti liwulo ndi langa?

Nabiyeni ku Leeds: A Gama, mbiri mwanenayo ndi yoona yonse, ndipo kuno ukapita ku Liverpool kapena Bristol umaiona ndi maso m'nyumba zomwe zinamangidwa ndi chuma chimenecho. Koma liwulo linalipo zaka zoposa 1,000 ukapolo wa ku America usanayambe. Analipanga ndi alimi ndi ophika a ku India. Tikalitaya ponena kuti ndi la Angerezi, ndiye kuti tawapatsa chinthu chomwe si chawo. Ine ndingakonde mwana wa mayi a Tadala alembe shuga, ndipo adziwenso za Barbados.

A Gama: Achemwali, pamenepo ndamva. Sindinagonje pa nkhani yoteteza Chichewa, chifukwa ana a masiku ano akuthira Chingerezi ngakhale pomwe mawu athu alipo. Wina amati "ndikupita ku river" mtsinje uli pomwepo. Izo ndiye ndimadana nazo. Koma pa shuga ndavomera kuti palibe liwu lathu lomwe linakankhidwa.

Aphunzitsi a Chisale: Pa za river tili limodzi, a Gama, cholembera chofiira chizigwira ntchito pamenepo. Kusiyana kwake n'kwakuti shuga analowa m'malamulo a Chichewa. Timati shuga watha, shuga wanga, shuga wambiri, monga timanenera fodya watha. Ali ndi gulu lake la mayina, agogo osapita kusukulu amamudziwa. Mlendo wotere wamanga kale nyumba pamudzi.

Tsono ndibwerere kwa malemu amayi anu, mayi a Tadala, amene ankati suga. Pali chinthu chokongola apa. Tayang'anani kalembedwe ka Chingerezi: s, u, g, a, r. Mulibe h. Bwanji amatchula "sh"? Chifukwa kale sankatero. Ankayamba ndi s weniweni monga Afalansa. Koma u wachifalansa uja m'kamwa mwa Angerezi anasanduka "yu", ndiye liwu linkamveka ngati "syuga". M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, s ndi y anaphatikana n'kukhala sh. Zomwezo zinachitikira liwu lakuti sure, nalonso limalembedwa ndi s koma kutchulidwa ndi sh. Kalembedwe kanatsalira m'mbuyo, pakamwa n'kupitirira. Choncho amayi anu ponena suga anali pafupi ndi katchulidwe ka Angerezi a zaka 700 zapitazo.

Ndipo onani kuzungulira kwake. Ku India linayamba ndi sh, ku Perisiya sh, Aluya anamusandutsa s, Afalansa s, Angerezi mwa njira yawoyawo, osadziwa n'komwe za Sanskrit, anabwezeretsa sh. Mwana wanu polemba shuga walemba chiyambi chomwe chinalipo kutsinde.

Mayi a Tadala: Aphunzitsi, misozi yalengeza. Amayi anga tinkawaseka ndi suga wawoyo, ife ana a sukulu. Ankasunga shuga m'chitini cha mkaka chakale, pamwamba pa kabati, supuni ili momwemo. Mlendo akabwera ankathira masupuni atatu, ife imodzi imodzi, kenako ankagogoda supuni pamlomo wa kapu kuti kambewu kalikonse kagwere mkati. Ndikanakonda akanamva zimenezi.

Kondwani ku Durban: Nanga r wakumapeto anapita kuti? Azulu ali naye, ushukela, r anasanduka l. Ifenso timati pepala, batala, sitolo. Bwanji osati shugala?

Aphunzitsi a Chisale: Waona bwino mwana wanga. Angerezi a kummwera kwa England anasiya kutchula r wakumapeto cha m'ma 1700, ndiye m'kamwa mwawo liwulo limathera pa "a", shuga ndendende. A ku Scotland, ngati amishoni amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, r amamutchula mpaka lero. Makolo athu ankamva mitundu iwiri yonseyi ya Chingerezi, kuwonjezapo cha kumigodi ya ku Joni ndi ku Harare. N'chifukwa chake sindidabwa kuti tili ndi pepala wokhala ndi l pambali pa waya ndi shuga opanda l.

Nabiyeni ku Leeds: Ine monga namwino ndiwonjezere mbali yathu. Kwathu munthu akati "ndili ndi shuga" sakunena za m'chitini. Angerezi satero kawirikawiri, dzina la kuchipatala ndi diabetes mellitus, ndipo mellitus ndi Chilatini chonena za uchi. Dokotala Thomas Willis m'ma 1670 analemba kuti mkodzo wa odwalawa umatsekemera ngati uchi, ndipo mu 1776 Matthew Dobson wa ku Liverpool anauwiritsa mpaka kuuma n'kupeza zotsalira zonga shuga. Asing'anga akale a ku India anali atazindikira kale, ankati madhumeha, mkodzo wa uchi, ataona nyerere zikuunjikana pomwe wodwala wakodza. Ife timati matenda a shuga, Aswahili kisukari, Majeremani Zuckerkrankheit, Mabunu suikersiekte. Ndikamamasulira wodwala wakwathu kuno, ndikanena kuti shuga wakwera amamva nthawi yomweyo, ndipo amadziwa kuti nkhani ndi ya nsima ndi tiyi wa mawa m'mawa. Liwu lomwe munthu amalandirira nalo uthenga wa matenda ake n'kulira, limenelo ndi la chinenero chake.

Mbale wa ku Angónia: Achemwali mwanena zoona. Aphunzitsi, kodi sacarina, timapiritsi totsekemera tomwe odwala shuga amathira mu tiyi, ndi banja lomweli?

Aphunzitsi a Chisale: Lomweli, koma kudzera khomo la Agiriki lija. Sakkharon wa Dioscorides analowa m'Chilatini ngati saccharum. Katswiri wa zomera Linnaeus mu 1753 anatcha nzimbe Saccharum officinarum, ndipo wasayansi Constantin Fahlberg atatulukira mankhwala otsekemerawo ku Baltimore, ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870 anawatcha saccharin. Ndiye Chingerezi chinalandira liwu limodzi kangapo: sugar kudzera kwa Aluya ndi Afalansa, saccharin kudzera kwa Agiriki, komanso jaggery, shuga wakuda wa zibuma uja, kudzera kwa Apwitikizi amene anamva chakkara kugombe la Malabar ku India. Candy yekha ndi wa tsinde lina, khanda wa Sanskrit, kutanthauza chidutswa, koma naye anayenda msewu womwewo wa Perisiya ndi Aluya.

Kondwani ku Durban: Ndamufunsa mnzanga wolankhula Chihindi pompano. Akuti iwo shakkar alipo, koma shuga woyera wa mu tiyi amati chini, ndiye kuti wa ku China, ndipo wa miyala ikuluikulu uja amati misri, wa ku Misr, komwe ndi Egypt. Eni ake enieniwo akutchula shuga ndi mayina a maiko a eni.

Che Saidi a ku Mangochi: Misri ndi dzina lomwe timatchulira Egypt ku madrasa. Sindinkadziwa kuti lili m'khitchini ya Amwenye.

A Nkhoma a ku Nchalo: Funso langa lotsiriza. Nzimbeyo kwawo ndi ku India komweko?

Aphunzitsi a Chisale: Ayi a Nkhoma, nzimbe yonenepa yotafuna ija inayamba kulimidwa ku New Guinea zaka zikwi zambiri zapitazo, n'kufalikira ku zilumba ndi ku Asia. Cha Amwenye ndi luso loumitsa madziwo kukhala timibulu tosungika, tonyamulika pangamira ndi pachombo. Lusolo linali lamtengo moti mu 647 mfumu Taizong ya ku China inatumiza nthumwi ku India kukaphunzira. Nzimbe ukaidula imayamba kuwonongeka m'masiku ochepa, inu mukudziwa kuposa ine. Timibulu timafika kutali, ndiye dzina la timibulu ndi lomwe linafika kutali. Mbewuyo mitundu yambiri ili ndi dzina lakelake, ife nzimbe, Aswahili muwa.

A Nkhoma a ku Nchalo: Zoona, ikadulidwa imafunika ifike kuchigayo msangamsanga, ikagona masiku kumunda shuga wake amatsika. N'chifukwa chake nthawi yokolola mathirakitala sagona.

A Gama: Mayi a Tadala, mukapita kusukuluko musakawakalipire aphunzitsiwo. Cholinga chawo chinali chabwino, anangolasa nyama yolakwika. Mukawafunse mwaulemu kuti iwo akanalemba chiyani pamalopo.

Mayi a Tadala: Sindikakalipa, a Gama, nawonso ndi kholo ngati ine ndipo ali ndi ana oposa 80 m'kalasimo. Ndipita Lolemba m'mawa ndi kope lake. Tadala ali pambali pangapa, ndamuwerengera zonse. Watenga shuga pang'ono wathira pachikhatho, wapita naye pakhomo pomwe pali dzuwa, akuti akufuna aone timiyala ta a Nkhoma. Wakopera mayina onse kuchikuto cha kope lake, kuyambira sharkara mpaka shuga, ndipo wati pakati alembepo sukali wa agogo a Che Saidi. Tsopano akufunsa za tiyi, aphunzitsi a Chisale, akuti bwanji mnzake wa ku Karonga amati chai.

Aphunzitsi a Chisale: Mumuuze ayambe wasesa shuga wagwa pakhondepo nyerere zisanabwere. Za tiyi ndi chai ndi nkhani ya madoko a ku China, titsegule mutu wake mawa ndikachoka kudimba.